Sewero likatha, mukagona kuti?

Mwana wa achemwali anga anatulukira Loweruka masana, dzuwa la Okutobala la kuno ku Salima litafika poti nkhuku zangoti kukamwa yasa pansi pa mtengo wa mango. Anatsika pa kabaza, n'kulipira, n'kulunjika pakhonde pomwe ndinkachonga makope a Fomu 3. Moni anapereka wothamanga, bondo lagwada mwatheka, foni ili kale m'manja.

"Malume, ndisankhireni. Malo ake ndi atatu awa."

Kuntchito kwake ku Lilongwe amutuma ku Joni kukachita maphunziro a sabata imodzi, ndipo ndalama ya malo ogona amupatsa m'manja kuti adzionere yekha. Maphunzirowo amatha 4 koloko madzulo. Koma iye mtima wake suli pa maphunzirowo ayi, uli pa zimene zimachitika dzuwa likalowa. Wolakwa ndine. Ndine ndinamulowetsa m'gulu la zisudzo ali Fomu 1, ndipo chibwerereni ku Johannesburg ndakhala ndikusokosa za Market Theatre mpaka ana a m'nyumba muno amandimalizira okha nkhani ndikangoiyamba.

Ndinavala magalasi n'kuyang'ana. Bedi loyera mbee, mapilo anayi, thaulo lopindidwa ngati bakha, zenera lolowetsa kuwala. Malo achiwiri chimodzimodzi. Achitatu anawonjezerapo kapu ya khofi ndi duwa. Ndinamubwezera foni n'kumufunsa ngati waonapo chithunzi ngakhale chimodzi chojambulidwa usiku. Anayendetsa chala m'mwamba ndi pansi, n'kuseka. Panalibe.

"Nanga iwe m'chipindamo uzikakhalamo nthawi yanji?"

Ine ndinapitako mwezi wa Julayi, mliri wa Covid usanagwe. Ndalama inachokera ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba, ndipo anthu ndinawauza kuti ndikukapikula mabulangete ndi nsapato za pa okala yathu. Zinali zoona, koma m'mtima ndinali ndi kanga: ndinkafuna, ngakhale kamodzi ndisanafe, kuonera sewero m'nyumba imene inakonzedwera zisudzo. Basi tinakwerera ku Lilongwe, kutulukira pa chipata cha Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenaka mzere wosatha uja wa pa Beitbridge. Maola oposa 30 msana uli pampando. Agogo anga aamuna anapitako kumeneku nthawi ya Theba, kukakumba golide, ndipo iwo nkhani ya kogona sinawavute: ankangowalozera komboni, bedi la simenti, basi. Mawu oti "chikepe" ndinayamba kuwamva kwa iwo, akunena chija chotsikira m'mgodi. Ine mdzukulu wawo ndinatsika pa Park Station ndili ndi ufulu wosankha pogona, ndipo m'masiku awiri okha ndinasankha molakwika kawiri.

Koyambako sindinasankhe ndekha kwenikweni. Alamu anga, amene amasoka zovala kumeneko, amakhala kutali kunja kwa tauni, chipinda chimodzi anthu atatu, choncho anandipezera malo kwa mnzawo m'kati mwa tauni, poyendeka wapansi kuchokera pa siteshoni.

"Alamu, musataye ndalama ku hotela. Pamenepa ndi pa Amalawi okhaokha, mukhala ngati muli kwanu."

Ndipo zinalidi choncho. Pa nsanjika yachinayi fungo la usipa wokazinga linandilandira ndisanaone nkhope ya munthu. Uku Chiyao, uku Chitonga, uku wailesi ya pafoni ikuulutsa mpira wa kumudzi. Anandiphikira nsima ya ufa wa m'sitolo uja woyera ngati choko, ndinadya, tinaseka, anandifunsa mtengo wa feteleza ndiponso ngati nyanja inadzaza chaka chimenecho.

Koma nyumbayo! Kale inali ya maofesi, eni ake anaithawa, ena n'kuilowa n'kumatolera lendi ngati yawo. Chikepe chinafa kalekale, m'dzenje lake anthu ankatayamo zinyalala. Pa masitepe mdima bii, kukwera n'kuunikira tochi ya pafoni. Chimene chinali ofesi imodzi anachigawa ndi mapulanga ndi makatani n'kukhala tizipinda sikisi, mawaya a magetsi akulendewera ngati zingwe zoyanikira zovala. M'kachipinda kalikonse munali kambaula ka magetsi, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 ndipo chisanu chake cha Julayi munthu wa kunyanja chimamulowa m'mafupa. 10 koloko itakwana ndinamva tcheni chikulira pansi. Geti inali imodzi yokha. Ankaikhoma ndi loko kuopa akuba, kiyi n'kupita nayo munthu mmodzi amene ankagona nsanjika ina. Usiku umenewo kunali zii, ngakhale wokhosomola ankamveka, koma tulo sitinabwere. Ndinkangowerenga masitepe aja m'mutu, kuyambira pakhomo panga mpaka pa tcheni.

Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba yotchedwa Usindiso, mu Albert Street ku Marshalltown, inapsa usiku, anthu 76 n'kufa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Sinali nyumba imene ndinagonayo, koma zimene opulumuka ankafotokoza, za mageti okhoma ndi tizipinda ta mapulanga, ndinazizindikira zonse. Sindikunyoza amene amakhala m'nyumba zoterezi. Munthu wolandira marandi ochepa, woti atumizenso ina kumudzi, alowera kuti? Koma mlendo wa masiku anayi, ya hotela ali nayo m'thumba, n'kukadzipanikiza mmenemo pofuna kupulumutsa ya nsapato ziwiri, ameneyo anali ine, ndipo manyazi ake sanathebe.

Kutacha ndinatsanzika mwaulemu, n'kunena kuti ndikufuna kufupikira kumene kuli zisudzo. Ndinanyamula chikwama n'kukwera kachitunda kupita ku Braamfontein, kumpoto kwa njanji. Dera limeneli ndi la ana a sukulu. Yunivesite ya Wits ili pomwepo, Joburg Theatre imene inatsegulidwa mu 1962 ili pamwamba pa chitunda, ndipo chapafupi pali Constitution Hill, ndende yakale imene pano pali khoti lalikulu loona za malamulo a dziko lawo. Inali 11 koloko m'mawa, Lachisanu. Mu Juta Street ndi De Beer Street achinyamata anali atakhala panja akuothera dzuwa, makapu a khofi ndi malaputopu patsogolo, wina akusesa pakhomo pa sitolo ya mabuku. Ndinati pamtendere ndi pano.

Ndinapeza kahotela kakang'ono kaukhondo. Mtsikana wa pa risepushoni anandifunsa ngati ndikufuna chipinda choyang'ana kumsewu kapena cha kumbuyo, n'kunena kuti cha kumsewu n'chokwererako pang'ono. Ine mphunzitsi wa ku Salima, ndayenda maola 30 kudzaona tauni, ndiye ndikapenyetsetse khoma? Ndinasankha cha kumsewu, nsanjika yoyamba, n'kuwonjezera ndalamayo ndikumwetulira.

Patebulo pake panali kambale ka tinthu tachikasu, tiwiritiwiri m'timapepala ta pulasitiki. Ndinayesa maswiti. Ndinatolapo kapepala kamodzi n'kuponya m'thumba la jekete kuti ndikanyambite poonera sewero. Mtsikanayo anandiyang'ana, kenaka anati nditengeko kena. Ndinati chamumtima, anthu a kuno ndi owolowa manja. Nditalowa m'chipinda ndinasuzumira pazenera. Pansi penipeni panali chitseko chachitsulo chija chotsitsa kuchokera m'mwamba, chotseka, chojambulidwajambulidwa ndi penti. Ndinati ndi sitolo imene inagwa.

Cha m'ma 5 koloko ndinauyatsa wapansi wa ku Newtown, kumene kuli Market Theatre. Njira yake ndi ya pa Nelson Mandela Bridge, mlatho wa zingwe wotalika mamita 284 umene anautsegula mu 2003. Pansi pake sipadutsa mtsinje, padutsa njanji zoposa 40, masitima atandandalika ngati ng'ombe m'khola. Ine wokulira pafupi ndi njanji imodzi ya ku Salima, imene sitima ikadutsa ana amasiya masewera kukaionerera, ndinaima pakati pa mlathowo nthawi ndithu, oweruka kuntchito akungondilambalala. Ngakhale ndinachedwa choncho, theka la ola lisanakwane ndinali nditafika.

Dzina loti Market Theatre si lokongoletsa, unalidi msika. Nyumbayo inamangidwa mu 1913 kuti muzigulitsidwa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Msika utasamuka, Barney Simon ndi Mannie Manim anaisandutsa bwalo la zisudzo mu 1976, chaka chomwe ana a sukulu a ku Soweto anaukira boma la tsankho. Nthawi imene malamulo ankalekanitsa anthu pa mabenchi ndi m'zimbudzi momwe, muno akuda ndi azungu ankasewera pa nsanja imodzi, oonerera n'kukhala mipando yogundana. Zikwangwani zina za ogulitsa zipatso zikadalimo. Bwalo lalikulu pano limatchedwa John Kani, ndipo pali ena awiri ang'onoang'ono otchedwa mayina a oyambitsa aja. Ine ndinalowa limodzi mwa ang'onowa. Kuno ife zisudzo timachitira m'holo ya sukulu, makatani ake ndi nsalu zofunda zobwereka kwa a matroni, nyali yake ndi dzuwa lolowera pa mawindo osweka, ndipo wosewera amachita kukuwa kuti apose ana ogulitsa mandasi pakhomo. Ndiye taganizani kuona kuwala kukuchepa pang'onopang'ono pankhope ya munthu mpaka kutsala maso okha, iye akunong'ona, holo yonse ikumva. Ndinaiwala kuti ndine bambo wa ana anayi. Maswiti aja ndinawaiwalanso.

Tinatuluka cha m'ma 10 koloko. Pakhomo panali piringupiringu, anthu akukumbatirana, kuseka, kuyatsa fodya. Ndinaimbira mayi a kunyumba kuwasimbira zimene ndaona, ndikuzungulira uku ndi uku, mawu ali pamwamba monga tichitira ife a kunyanja. Pomaliza kulankhula ndinatembenuka. Anthu onse aja balala, aliyense m'galimoto yake. Mary Fitzgerald Square, chibwalo chija ndinadutsapo madzulo anthu ali yakaliyakali, chinali pululu, msewu wa M1 ukungolira wokha m'mwamba. Newtown ndi wa maofesi ndi nyumba zosungiramo zakale. Akaweruka a m'maofesi, sewero n'kutha, amatsala ndi alonda.

Mmodzi wa alonda a magalimoto, wovala chijekete chonyezimira, anandiyandikira.

"Achimwene, Chichewa chimenecho n'cha kuti?"

"Salima."

"Aa, aneba! Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, cha ku Dwangwa."

Tinagwirana chanza chachitali. Anandifunsa kumene ndikugona. Ndinaloza kutsidya kwa mlatho, magetsi ake akuoneka bwinobwino, n'kunena kuti ndi pafupi, ndiyenda. Anapukusa mutu.

"Pafupi panali masana, achimwene. Mlatho uwo masana ndi wa tonse, usiku uli ndi eni ake. Ndipo foniyo mwaionetsa kale dziko lonse. Itanani galimoto, muidikirire pano pali ine."

Batire linali pa 9 peresenti. Mwayi wake alamu anali atandiikira kale pafoni kapulogalamu koitanira galimoto, ndipo inabwera foni isanazime. Ulendo wake sunakwane mphindi zisanu. Mnyamata wa ku Dwangwa uja ndinamusiyira ya tiyi, iye n'kundituma kuti ndikafika ndikadye chambo m'malo mwake.

Galimoto itakhotera mumsewu wa hotela yanga sindinauzindikire. Chitseko chachitsulo chija chinali chitakwezedwa, m'katimo muli khamu ngati la pa Kamuzu Road kutha kwa mwezi. Pakhomo mzere, alonda a zifuwa ngati nkhunzi akusecha olowa, wina akuwotcha masoseji pa kangolo, atsikana atavala ngati chisanucho chikugwera ena. Ndinene zoona, mtima wanga unakhala pansi. Nditachoka pa chibwalo cha zii chija, khamu limeneli ndinaliona ngati abale anga. Ndinatsika, ndinagula soseji, ndinadyera panja pomwepo ndikuonerera, osacheuka n'kamodzi komwe.

Ngongole yake ndinakalipira m'chipinda. Nyimbo sizinkalowera m'makutu mokha. Zinkakwera ndi miyendo ya bedi n'kudzagunda m'nthiti. Madzi a m'tambula patebulo ankachita timafunde. Ndinadziphimba pilo, ndinasamutsira mutu kumiyendo, ndinayesa kuwerenga nyuzipepala. 1 koloko. 2 koloko. Wina pansi pa zenera langa anakangana ndi chibwenzi chake m'chinenero chimene sindimva, koma nkhani yonse ndinaitsata. Pofuna kodzitonthoza nako ndinapisa m'thumba la jekete, n'kung'amba kapepala kaja. Munatuluka timipira tofewa tiwiri. Ndinatifinya, tinabwerera. Ndinawerenga pakapepalapo. N'totsekera m'makutu. Ndinaseka ndekha m'chipindamo mpaka misozi. Hotelayo inali itandiuza zoona zonse masana, m'kambale, ine n'kuyesa maswiti.

M'mawa ndinatsika maso ali psuu kukapempha cha kumbuyo. Mtsikana uja sanandiseke, Mulungu amudalitse. Anandipatsa cha pa nsanjika yachinayi, zenera lake loyang'ana khoma la nyumba ina, mapaipi, ndi migolo ya zinyalala pansi. Mtengo wake wotsikirapo. Loweruka usiku msewu unawira kuposa dzulo lake, koma kumbuyoko nyimbo zinkamveka ngati ng'oma za gule wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, zija tinakula tikugona nazo. Ndinadzuka 8 koloko.

Zonsezi ndinamusimbira mphwangayo pakhonde, makope ataiwalika. Ndipo posimbapo ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindinkachiona bwino kale. M'masiku awiri ndinakhala malo atatu usiku: nyumba ya zii ya tcheni, chibwalo cha zii cha ku Newtown, ndi msewu waphokoso wa ku Braamfontein. Pa atatuwa, pamene sindinaope ndi paphokoso pokha. Anthu omwe anandimana tulo ndi omwenso anandilondera pamene ndinkatsika galimoto. Ife tikamasankha pogona timathawa phokoso ngati ndiye mdani wamkulu, chonsecho phokoso lili ndi mankhwala otchipa, kungosamukira kumbuyo kwa nyumba. Msewu wopanda munthu 11 koloko usiku mankhwala ake sindinawapeze.

Chomvetsa manyazi n'chakuti sindinafunike kupita ku Joni kuti ndidziwe zimenezi. Kuno komwe timaziona. Mu 2018 chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chinachitikira ku Senga Bay, ndipo Sand Music Festival yachitikirako kangapo. Nthawi zoterezi maloji a m'mbali mwa nyanja amadzaza msanga, otsalawo mitengo n'kukwera ngati ya mafuta. Ndiye anzathu a ku Lilongwe amayang'ana pafoni n'kupeza chipinda chotchipa pa boma, n'kunena kuti ndi Salima yomweyo. Inde ndi Salima yomweyo, koma pakati pa boma ndi Senga Bay pali makilomita pafupifupi 20. Masana ndi ulendo wa kaphindi pa minibasi kapena matola. 3 koloko m'bandakucha ndi nkhani ina: munthu waima m'mbali mwa msewu, mchenga uli m'nsapato, akunenerera mtengo ndi wa njinga yamoto amene akudziwa bwino lomwe kuti palibe wina, chipewa choteteza mutu palibe, ndipo magalimoto amene akudutsa oyendetsa ake amwa kuyambira masana. Msuweni wanga wina anandigogodera 4 koloko m'mawa, bondo litasupuka, chipinda chimene analipira asanachigone n'komwe. Ena amakhoma tenti mphepete mwa masipika, kutacha n'kumadandaula kuti sanagone. Walira mvula walira matope, abale.

Nanga za maresitihausi a kuseri kwa mabotolositolo? Mphunzitsi mnzanga wa boma lina anabwera kudzayang'anira mayeso a MSCE. Anafika masana, anaona bedi loyala bwino, neti yopanda chibowo, fani yozungulira, mtengo wabwino, n'kulipiriratu sabata yonse. Sanazungulire kuseri kuti aone kuti khoma la chipinda chake ndi lomwelo la bawa. Sanadzifunsenso chifukwa chimene zipinda zoyandikana nazo zinalili zopanda katundu wa alendo. Zinali zija zobwereketsa kwa ola limodzi. Usiku wonse zitseko gwa, gwa, ena kugogoda pa chake molakwitsa n'kumamuitana mayina achikondi. Tsiku lachitatu anabwera ndi chikwama chake kudzagona pabalaza pathu. Ife eni mudzi malo amenewa timawadziwa popanda wotiuza, chifukwa timadutsapo usiku pochokera ku maliro kapena ku mpira. Mlendo amafika dzuwa lili pamutu, malo onse atasamba kumaso.

Tili pakati pocheza foni ya mphwangayo inalira. Anali amake. Anamupempha kuti andipatse.

"Achimwene, mwana wamkazi ameneyo musamuike kumabawa. Mumupezere kwa phee, ku Sandton konko, azikagona nthawi yabwino."

Ndinawamvetsa. Nanenso ndili ndi ana aakazi. Ndipo Sandton kapena Rosebank si koipa. Kuli sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010 nthawi ya mpira wa World Cup, ndipo kuchokera pa Park Station kukafika ku Rosebank ndi mphindi zochepa chabe. Vuto lake sitimayi imaweruka msanga, sewero la madzulo lisanathe. Ndiye usiku uliwonse ndi galimoto yolipira ya mtunda wautali, mtsikana ali yekha kumbuyo ndi dalaivala wosamudziwa. Ndikumudziwa mwanayu. Tsiku loyamba apita, lachiwiri awerengera marandi, lachitatu akhala m'chipinda n'kumaonera TV monga achitira ku Area 25. Adzabwerako atagona bwino, Johannesburg osamuona. Ndinawauza achemwali kuti kwa mwana wamkazi woyenda yekha, chimene ine ndimayang'ana ndi mapazi khumi aja a pakati pa chitseko cha galimoto ndi chitseko cha hotela: kodi pamawala, pamakhala anthu, ndipo m'katimo muli munthu wodzuka woti amutsegulire? Anangoti, "Mbumba ndi yanu, malume ake," n'kudula. Mawu amenewo amene anakulira kwathu kuno akudziwa kulemera kwake.

Tinabwerera ku malo atatu aja. Oyamba anali kafulati ku Maboneng, dera la m'mbali mwa Fox Street limene dzina lake m'Chisotho limatanthauza malo a nyali. Kuli malo odyera, oimbira ndi oonetsera zojambula, koma ndi misewu yowerengeka, ukangolumpha iwiri wafika dziko lina. Kafulatiko kanali kotchipa kuposa onse, kopanda risepushoni, kiyi amakusiyira m'kabokosi ka manambala pageti. Achiwiri anali kahotela ku Braamfontein. Achitatu ku Rosebank, mtengo wake wotha alawansi yonse osatsalako ya tikiti ya sewero.

Ndinamuuza asiye kuwerenga ndemanga za anthu okondwa, ayambe za okwiya. Okondwa onse amalemba zofanana. Okwiya ndiwo amatchula tsiku ndi ola. Wodandaula kuti Lachisanu nyimbo zinafika 3 koloko wakuuza kuti msewuwo uli ndi anthu. Wodandaula kuti anaima pageti theka la ola usiku manambala a kabokosi akukana, wakuuza zina. Anawerenga mpaka dzuwa kupendeka, akuseka zina, zina akuti "ii". Mayi a kunyumba anabweretsa mpunga wa ku Lifuwu ndi mcheni wowotcha, tinadya, ana anakagona.

Nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi, palibe kuwonjezera kapena kuchotsera ola. Choncho ndinamuuza agule bandulo, tidikire 11 koloko. Linali Loweruka, usiku umene msewu uliwonse umaonetsa khalidwe lake. Tinakhala pakhonde tikudzimenya udzudzu m'miyendo, cha kutali masipika a pa Kamuzu Road akugunda, kamphepo ka kunyanja kakuyamba kumene.

Anayamba ndi ku Maboneng, pa WhatsApp. Inaitana mpaka kudula yokha. Kenaka kunabwera uthenga wolembedwa kale, woti ayankha mawa kuyambira 8 koloko. Anandiyang'ana, osanena kanthu, n'kupita pa nambala ina. Ku Rosebank anayankha mayi wa mawu osalala, kumbuyo kwake kuli zii ngati m'tchalitchi Lolemba. Anayankha zonse bwino, ndipo mtengo sunasinthe.

Ku Braamfontein inangoitana kawiri. Anayankha bambo, ndipo tisanamve mawu ake tinamva ng'oma. Mphwangayo anaika foni pa sipika, n'kuyamba mafunso ake m'Chingerezi chija ndinamuphunzitsa ndekha. Pa risepushoni pamakhala munthu usiku wonse? Eya, ndi iyeyo, mpaka 6 koloko. Galimoto imatha kuima pakhomo penipeni? Imatha. Magetsi akazima chikepe chimayenda? Ayi, koma pa masitepe ndi m'makonde mumayaka. Masitepe alipo angati, ndipo chitseko chothawira moto chimakhomedwa? Bamboyo anayamba wadabwa kaye, kenaka anati alipo awiri, cha kumbuyo chimatseguka ukakankha uli m'kati. Chipinda cha kumbuyo, nsanjika ya pamwamba, chilipo? Anati adikire aone. Tinamva akugogoda pa kompyuta, wina akumufunsa zina chapatali, nyimbo zikukwera chitseko chikatseguka n'kutsikanso. Chinalipo chimodzi.

Ndinayesa wamaliza. Koma anandiyang'ana ndi diso lija ankapanga pa siteji ali Fomu 2 akafuna kuba sewero la anzake, n'kufunsa bamboyo ngati patebulo pakepo pali kambale ka timipira tachikasu.

Kunamveka kuseka kwakukulu kuchokera ku Joni, mpaka mayi a kunyumba anasuzumira pazenera kufunsa kuti tikulankhula ndi ndani usiku uno. Bamboyo anati kalipo, koma a zipinda za kumbuyo satengako. Mphwangayo anatulutsa pasipoti m'chikwama n'kuyamba kumuwerengera nambala.